Uthenga Woyamba ndi "Chonde"

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a pakompyuta. Bungwe lina linamupatsa ntchito yothandiza zipatala zing'onozing'ono za kumidzi kuitanitsa ambulansi. Kumeneko netiweki ndi yovuta. Kuimba sikutheka, koma uthenga wolemba umapita munthu akakwera pachulu. Choncho anagwirizana kuti anamwino azitumiza uthenga wa pafoni, kompyuta ya kuboma iziwerenga n'kuuza dalaivala kopita.

Munthuyo anatenga laibulale, yomwe ndi nkhokwe ya tizidutswa ta pulogalamu tomwe akatswiri ena analemba kale, n'kumanga nayo zigawo ziwiri. Gawo loyamba, lomwe timalitcha lekisa, linkadula uthenga m'zidutswa: ili ndi liwu, iyi ndi nambala. Gawo lachiwiri, pasa, linkaona ngati zidutswazo zatsatana monga mwa lamulo. Lamulolo linali lalifupi: liwu loti AMBULANSI, kenako nambala ya chipatala, kenako matenda. Anamwino onse anaphunzitsidwa, ndipo aliyense anapatsidwa kakhadi koyenda nako m'thumba.

Laibulaleyo inasiya malo amodzi opanda kanthu, oti mwini pulogalamu alembepo zoti zichitike uthenga ukapanda kutsata lamulo. Pa masiku oyesera mauthenga otere ankabwera ambirimbiri: moni wam'mawa, mavesi, anthu olakwitsa nambala. Akuluakulu a muofesi anadandaula kuti zikuwatayitsa nthawi.

Mnzake wa pantchito, mayi Nangondo, anamuuza kuti, "Achimwene, okanidwawo bwanji osawayankha? Wotumiza adziwe kuti sizinatheke."

"Tidzaziona tikamaliza zinazi," anayankha. "Amene anaphunzitsidwa alemba bwino."

Ndipo analemba mzere umodzi mupulogalamumo: chosatsata lamulo chitayidwe. Muofesi munakhala bata, anthu anamuyamikira.

Patapita miyezi inayi, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mayi wina anabereka pa chimodzi mwa zipatalazo, koma magazi sanaleke. Namwino wa pamenepo, a Nachisale, anali yekha. Anayesa zonse zomwe ankadziwa, kenako anathamangira pachulu n'kulemba kuti, "Chonde ambulansi 14 mayi akutaya magazi."

Lekisa inadula uthengawo bwinobwino. Pasa inkayembekezera AMBULANSI, koma inakumana ndi "chonde", ndipo inautaya. Namwinoyo anatumiza katatu. Nthawi yonseyo ambulansi inali pansi pa mtengo wamango kuboma, dalaivala akuitsuka. Achibale atatopa kudikira anakweza wodwalayo pangolo, koma mayiyo anamwalirira panjira.

Ofesi itafufuza, inapeza kuti tsikulo sikunafike uthenga uliwonse. A Nachisale anaimitsidwa ntchito. Pamudzi anthu ankawaloza zala, ena anasiya ngakhale kuwapatsa moni. Wolemba pulogalamu uja naye anafufuza mukompyuta, koma sanapezemo kanthu, pakuti chotayidwa sichinkasiya mapazi. Mtima sunakhale pansi. Anakwera basi, kenako kabaza, mpaka anafika kwa namwinoyo.

Anawapeza atakhala pakhonde. A Nachisale anangomupatsa foni. Iye atangowerenga liwu loyamba, anadziwa zonse.

"Ndinalakwitsa pati, bambo?" anafunsa a Nachisale. "Khadi ndinali nalo m'thumba, koma manjawa anali magazi okhaokha."

Munthuyo anawabwezera foniyo. Kenako anati, "Simunalakwitse, mayi. Munaitana. Amene sanamve ndine."

Anabwerera kuboma n'kulemba kalata yofotokoza zonse, dzina lake lili pansi. Namwino anabwezeredwa pantchito. Mzere uja anaufufuta n'kulemba wina, ndipo kukonzako sikunatenge nthawi yoposa yowiritsira tiyi. Zimenezi n'zomwe zinamupweteka kwambiri. Khanda la malemu aja linapita kwa mayi ake aang'ono, n'kukula ndi mkaka wam'chitini. Munthuyo akugwirabe ntchito yomweyo mpaka lero, koma anthu akamutama salabadira.

Tsono inu ophunzira anga, mawa muyamba kumanga lekisa ndi pasa yanu. Mudzakondwa poona uthenga wolembedwa bwino ukudutsa, ndipo mudzafuna kulekera pomwepo. Koma lamulo mumalilemba muli pampando, pomwe wolitsata mwina akuthamanga, akunjenjemera. Munthu wogwidwa ndi mantha sayankhula motsata khadi. Pulogalamu yanu ili ndi ufulu wokana zomwe sikuzimvetsa, koma isakane mwakachetechete. Uthenga ukakanidwa usungidwe, wotumiza ayankhidwe, ndipo munthu wamoyo auwerenge. Yambani ndi malo amenewo, a mauthenga okanidwa. Ndikapanda kuwaona, ntchito yanu sindiilandira.