Chipika cha Mayi Nasikelo

Anzanga, iyi musakanene kuti mwamva kwa ine.

Mayi Nasikelo, aja amawolotsa anthu pa Shire, boti lawo linagunda chipika, injini n'kuphwanyika. Mwamwayi anali pa inshuwalansi. Ndiye kunabwera Bwana Chimphonda a kukampani ya inshuwalansiyo, tayi pakhosi.

"Mayi, ndikapanda kuchiona chipikacho ndi kuchiyeza, injini yatsopano muiwale."

Chipika choti chinapita ndi madzi sabata yatha, mwina chinali kale ku Mozambiki.

"Chilipo, bwana," anatero Nasikelo. "Kwerani bwatoli."

Anapalasa mpaka m'mabango, n'kuloza chinthu chakuda, chachitali, chili phee pamadzi.

"Ndi icho. Tulutsani tepi yanu, ine ndikugwirirani bwato."

Bwana atatambasula dzanja, chipika chija chinatsegula diso. Kenako kukamwa, mano mbee.

"Bwererani, mayi, bwererani!"

"Osayeza? Nanga ku ofesi mukanena chiyani?"

"Ndachiona. Ndi chipika ndithu."

"Sainani kaye, bwana. Ine ndikakhala ndi nkhawa, mikono imafooka."

Bwana anasainira pabondo. Ndipo amene anaona buluku lawo litanyowa potsika akulumbira kuti amenewo sanali madzi a mu Shire.