A Chatsalira ndi Mangolongondo a M'tsinde mwa Phiri

Sunthirani kuno nonse. Iwe Msaiwale, leka kutokosa motowo, utsi ukulowa m'maso mwanga.

Kalekale ndithu, agogo a agogo anu asanamere n'komwe mano, kunali munthu wina wosula makasu, dzina lake a Chatsalira. Chinali chimunthu chachikulu, ndevu mpaka pachifuwa, mkono ngati musi. Khasu lililonse la m'dziko limenelo linatuluka m'manja mwawo, koma eni akewo anali asanalimepo chibadwire. Anthu ankabwera ndi madengu a chimanga n'kubwerera ndi makasu, ndipo banja la a Chatsalira linkadya osagwira dothi.

Tsono chaka china miyala ya chitsulo inatha m'phiri. Anakumba uku, anakumba uko, osapeza kanthu. Ng'anjo yosungunulira chitsulo inazizira, ndipo madengu analeka kubwera. A Chatsalira anapempha munda, koma minda yabwino inali ndi eni ake kale. Anawapatsa wa m'tsinde mwa phiri, kumene kunkakhala anyani.

Analima, ana inu. Matuza m'manja, msana kuwawa, koma analima. Mvula inagwa bwino, ndipo chimanga chinabereka ana awiriawiri. Chakudya chawo chonse cha chaka chimenecho chinali m'munda umodziwo. Anyani akanautha, a Chatsalira akanasenza dengu kukasuma m'makomo mwa anthu omwe aja ankawagwadira pofuna makasu. Chimenechi ankachiopa kuposa njala yeniyeniyo.

Kumeneko anthu ankalondera minda ndi mangolongondo. Inu a masiku ano mumangodziwa wailesi, ndiye tcherani khutu. Umagoneka pansi mathunthu awiri a nthochi, n'kuyalapo zibenthu za mtengo wa mbwabwa, kuyambira chachikulu mpaka kakang'ono. Anthu awiri amakhala moyang'anizana, aliyense ndi timitengo take, n'kumamenya nsonga za zibenthuzo. Nyimbo imeneyo ikamveka m'munda, anyani satsika.

Wophunzitsa ana kuimba anali mayi wina wamfupi, a Nankhoma, wosadziwa kunyengerera munthu. Ankaphunzitsira patsinde pa mkuyu. A Chatsalira anapita kumeneko ndi mwana wawo wamkazi, Mwatitha, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi ake a Mwatitha anatsala kunyumba chifukwa anali ndi khanda.

"Mayi, tiphunzitseni chinthu chanuchi," anatero a Chatsalira. "Koma mwachangu, chimanga chakhwima."

"Khalani pansi apo, pakati pa anawo," anatero a Nankhoma.

"Pansi?"

"Pansi. Lero tikuimba ndi pakamwa pokha. Awa akuti ngo, awa akuyankha li. Mawa timenya ntchafu. Timitengo n'ta mkuja."

A Chatsalira anayang'ana anawo. Ena mamina ali chuu, ena mimba pamtunda, onse maso ali pa ndevu zija.

"Ine ndamenya chitsulo zaka makumi atatu," anatero. "Lero mundiphunzitse kumenya mtengo ndi pakamwa?"

"Chitsulo mwamenyadi. Koma pano ndinu wa lero, chimodzimodzi uyu wa maminayu."

Manyazi anawagwira bambo aja, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo. Anatembenuka n'kumapita. Mwatitha yekha ndiye anatsala, anakhala pansi n'kuyamba kunena ngo.

Tsono onani nzeru za wosula. A Chatsalira anadula mbwabwa, anasema zibenthu, anaziyala pa nthochi pakati pa munda wawo. Atayang'ana timitengo tomenyera, anati, "Izi n'zoseweretsa ana." Anatenga khasu lakutha n'kusula ndodo ziwiri zachitsulo. M'mawa anakhala pansi, anakweza mkono uja, n'kutsitsa. Khaa, chibenthu chinang'ambika pakati. Anamenya chachiwiri, khaa. Chachitatu chinadumpha n'kuwamenya pa bondo. Ali mkati mosisita bondolo, anyani anatsika n'kuthyola chimanga cha kumtunda konse, ena m'manja, ena m'khwapa.

Tsiku lachiwiri anasema zibenthu zina, ndipo ulendo uno anatenga timitengo. Anayamba kumenya dzuwa likutuluka, okhaokha, thukuta lili kamukamu. Phokoso lake linafika kutsidya kwa mtsinje.

Pamwala waukulu panakhala nyani wamkulu wa imvi, mtsogoleri wa anzake. Anapendeketsa mutu n'kumvetsera.

"Ali yekha uyo," anatero.

"Mwadziwa bwanji, agogo?" anafunsa anyani ang'onoang'ono.

"Munthu mmodzi akamamenya, pakati pa kugunda ndi kugunda pamatsala mpata. Akakhala awiri odziwa, wina amalowa mumpata wa mnzake, ndipo sudziwa kuti alipo angati. Kumeneko ife sitipita. Koma uyu ndi mmodzi, ndipo maso ali nawo awiri okha. Ena lowerani uku, ena uko."

A Chatsalira akathamangira kuzambwe, anyani ali kuvuma. Akabwerera kuvuma, anyani ali kuzambwe. Pofika masana mizere ina yambiri inali mapesi okhaokha.

Tsiku lachitatu anatenga Mwatitha, amene tsopano anali atayamba kugwira timitengo kwa a Nankhoma. Anamukhazika mbali inayo.

"Iwe menya, ine nditsatira," anatero.

Mwana uja anayamba bwinobwino. Koma akatsitsa dzanja, bambo ake nawo ankatsitsa nthawi yomweyo, ndipo kadzanja kake sikankamveka n'komwe.

"Atate, mukundiponda," anatero Mwatitha.

"Menya, iwe. Ukudziwa chiyani?"

Nyani wamkulu uja anamvetsera, n'kukanda m'mimba. "Akadali mmodzi," anatero. "Wangowonjezera ukali."

Tsiku limenelo anyani anadya mpaka ena anagona chagada pamiyala. Theka la munda linali litapita.

A Chatsalira anayenda m'mizere ija. Anatola chitsononkho chimodzi chokukutidwa, anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo mtima unawawawa kwambiri. Kenaka anagwira Mwatitha padzanja n'kulunjika ku mkuyu kuja. Sanadikire kuuzidwa. Anakhala pansi pakati pa ana, miyendo tambalale, fumbi n'kubuka.

"Mayi, ndabwera," anatero. "Ndinene ngo kapena li?"

A Nankhoma sanaseke, ngakhale ndikhulupirira kuti kuseka kunawafika pakhosi.

"Chatsala chochuluka bwanji kumundako?" anafunsa.

"Theka."

"Ndiye sitiphunzirira pano. Ana inu, nyamulani zibenthu. Masiku atatu tikaphunzirira m'munda mwa a Chatsalira. Anyani akaona chigulu chathu satsika. Koma tsiku lachinayi aliyense apita kumunda kwa makolo ake, ndipo inu mutsala awiri ndi mwana wanu."

Tsono tsiku loyamba linali la pakamwa. Ana anakhala awiriawiri moyang'anizana, ndipo a Chatsalira anayang'anizana ndi Mwatitha. Mwana akati ngo, bambo ayankhe li. Koma mawu awo anali ngati ng'ombe yamphongo, ndipo ankangogwera pa ngo wa mwana. Ana anaseka mpaka kugubuduzika. Ukuseka chiyani iwe, Msaiwale? Paja unayamba dzana kuliza chitoliro, agalu onse anathawa pakhomo pano. A Chatsalira anapirira, anaseka nawo pang'ono, ndipo anapitiriza kunena li mpaka kukhosi kunauma.

Tsiku lachiwiri linali la ntchafu. Mwatitha akamenya ntchafu yake, bambo amenye yawo pambuyo pake. Zinakanikabe. Dzanja lawo likaona la mwana likutsika, nalo linkatsika.

A Nankhoma anaima n'kugwira m'chiuno.

"A Chatsalira, mvukuto wanu wopemerera moto uja uli ndi zikopa zingati?"

"Ziwiri."

"Zimatsika pamodzi?"

"Iyayi. China chikatsika, china chimakwera. Zikatsika pamodzi mphepo imaduka, moto umafooka."

"Nanga inu mukutsikiranji pamodzi ndi mwanayo?"

A Chatsalira anayang'ana dzanja la Mwatitha, analidikira kuti likwere, ndipo iwo anatsitsa lawo. Pha, pha, pha, pha. Zinatheka kasanu, kachisanu ndi chimodzi n'kusokonekera. Anayambiranso. Pofika madzulo ntchafu inali itatupa, koma nkhope inali yowala.

Tsiku lachitatu a Nankhoma anawapatsa kamtengo kamodzi ndi chibenthu chimodzi. Chimodzi chokha, chimunthu chonse chija.

"Musachimenye ngati chakulakwirani," anatero. "Chigogodeni ngati mukuodira pakhomo pa apongozi."

A Chatsalira anagogoda, ndipo chibenthu chinalira bwino, mawu ozungulira. Anadabwa kuti mtengo ungayankhe chotero. Masana anawawonjezera chachiwiri, madzulo chachitatu. Kanyimbo kake kanali kamodzi kokha, kophweka, kamene ana onse ankayambira. Dzuwa litapendeka, a Nankhoma anasonkhanitsa ana awo n'kutsazika.

M'mawa wa tsiku lachinayi m'munda munali zii. Munatsala bambo, mwana, ndi chimanga chija. Anakhala moyang'anizana n'kuyamba. Ngo, li, ngo, li. Zinkayenda.

Kenaka miyala inayamba kugubuduzika kuphiri. A Chatsalira anakweza maso, ndipo anaona anyani ali mbwee kutsika, nyani wamkulu uja ali patsogolo. Mkono uja unaiwala zonse za masiku atatu n'kukumbuka chitsulo. Anayamba kumenya mwamphamvu, mofulumira, pamodzimodzi ndi mwana.

Nyani wamkulu anaima pamalire a munda n'kupendeketsa mutu.

"Ndi yemwe uja," anatero. "Mmodzi. Tiyeni."

Anyani analowa mzere woyamba. Phesi linathyoka, lina linathyokanso.

"Atate," anatero Mwatitha, osaleka kumenya, "musayang'ane anyani. Yang'anani dzanja langa. Nenani ndi pakamwa."

Kunali kovuta, ana inu. Chimanga chako chikuthyoka kumbuyo kwako, iwe n'kumayang'ana kadzanja ka mwana. Miyendo inkafuna kudzuka kuti ithamangitse anyani. Koma a Chatsalira anakhalabe pansi. Anatsitsa maso, anadikira dzanja lija kuti likwere, n'kunena mokweza, ndevu zikugwedera, "Li."

"Ngo," anatero Mwatitha.

"Li."

Anafewetsa mkono. Kamtengo kawo kanalowa mumpata wa mwana, ka mwana kanalowa mumpata wawo, ndipo mpata unatsekeka. Tsono panatuluka chinthu chimene a Chatsalira anali asanachimvepo ali mkati mwake. Mwana ankamenya zake, iwo ankamenya zawo, koma pamwamba pa ziwirizo pankamveka nyimbo ina yothamanga, imene panalibe amene ankaimenya. Tsitsi linawaima ndi kukoma kwake.

Nyani wamkulu anali atagwira chimanga m'manja. Anaima chilili.

"Awiri," anatero. Anamvetseranso. "Iyayi, atatu. Kapena anayi."

"Ali kuti enawo, agogo?" anafunsa ang'onoang'ono aja.

"N'chimene chikundiopsa. Ndikumva anthu amene sindikuwaona. Abisala m'chimangamu ndi mauta. Bwererani."

Anataya chimanga chija n'kuyamba kukwera phiri, ndipo onse anamutsatira, michira ili m'mwamba.

A Chatsalira sanaone zimenezo. Maso awo anali pa dzanja la Mwatitha. Anaimba, anaimba, akalakwitsa n'kuyambiranso, mwana akuseka, iwonso akuseka. Dzuwa linafika pamutu. Mayi ake a Mwatitha anatulukira ndi khanda kumbuyo, atasenza mphika wa maungu, n'kuima pafupi nawo.

"Kodi mukuimbira yani?" anafunsa. "Anyani ali pamwamba pa phiri uko, akuothera dzuwa. Ndawaona ndili kumtsinje."

A Chatsalira anatembenuka. Munda unali phee, mapesi othyoka anali asanu okha.

"Achoka liti?" anafunsa.

"Kalekale, atate," anatero Mwatitha. "Ine ndinawaona. Koma mumaimba bwino, ndiye sindinafune kukudulani."

Kuyambira tsiku limenelo bambo ndi mwana ankaimba m'mawa uliwonse mpaka chimanga chinauma, ndipo anyani sanatsikenso. Atakolola, nkhokwe sinadzaze. Inafika pakati basi. Anadya mosamala, chinawafikitsa ku zokolola zina, ndipo a Chatsalira sanaime pakhomo pa munthu kupempha chakudya.

Tsono mverani, inu nonse, ndi akuluakulu amene mukumvetsera chakumbali uko ngati simukumva. Munthu woyamba kuphunzira chinthu amayambira pansi, kaya ali ndi ndevu kaya alibe. Zimene umadziwa kwina zidzakuthandiza m'tsogolo, koma sizikudumphitsa tsiku loyamba. Ndipo poimba ndi mnzako, umusiyire malo ake. A Chatsalira anathawa manyazi a tsiku limodzi, ndipo manyazi amenewo anadyetsa anyani theka la munda.

Ine nthano yanga ndaitula, yathera pomwepa.