Thumba la M'chiwongolero cha a Pondani

Pamsewu wodutsa kuseri kwa sitolo za zitsulo ndi utoto panali sukulu ziwiri zophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, zoyang'anizana ngati atambala awiri m'khola limodzi. Yakale inali ya bambo wina wa imvi amene aliyense ankawadziwa ndi dzina loti a Pondani. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira awo, chifukwa tsiku silinkatha osawamva akukuwa kuti, "Pondani buleki! Pondani!" Iwo sankakwiya nalo. Ankalinyadira, mpaka analilembetsa pachitseko cha galimoto yawo yoyera.

Ndipo tisawanamizire, munthuyo ntchito ankaidziwa. Madalaivala a mabasi, a maambulansi, ngakhale amayi amene poyamba ankanjenjemera akangomva injini ikulira, ambiri anadutsa m'manja mwawo. Chiyambire ntchitoyi galimoto yawo inali isanagundepo ngakhale nkhuku. Chida chawo chinali buleki yachiwiri imene anaikitsa kumpando wa mphunzitsi. Wophunzira akasokonezeka, phazi la a Pondani linkafika pansi iye asanaphethire n'komwe. M'mawa uliwonse ankaipukuta okha galimotoyo, kuyambira magalasi mpaka matayala, ndipo munthu akaitsamira ankamufunsa ngati kwawo kulibe mipando.

Sukulu ya tsidya la msewu inali ya mayi wina amene a Pondani omwewo anamuphunzitsa ali mtsikana. Masiku amenewo injini inkamuzimira pamphambano iliyonse, ndiye anamutcha Kazimitsa. Anaphunzira, anagwira ntchito kwa iwo zaka zingapo, kenako anatsegula sukulu yakeyake. Apo m'pamene anawalakwira. A Pondani ankauza aliyense kuti mtsikanayo anawadyera masuku pamutu, ngakhale kuti iye ankawapatsabe moni mwaulemu akakumana pachipata.

Tsiku lina wailesi inalengeza kuti kampani imene inapanga galimoto za mtundu umene sukulu ziwirizi zinkagwiritsa ntchito ikuziitanitsa zonse. Vuto linali m'chiwongolero. M'menemo mumakhala thumba la mpweya, lija amati eyabagi, limene limafufuma mwadzidzidzi galimoto ikagunda kuti woyendetsa asamenyetse nkhope ndi chifuwa. Kachitini kamene kamalifufumitsa kanapezeka kuti kakakalamba ndi kutentha komanso chinyontho, kamatha kuphulika n'kumwaza zitsulo kumaso kwa woyendetsa. Kampaniyo inati eni galimoto apite kugalaja yake akawasinthire kwaulere. Agalaja anawaimbira foni a Pondani kangapo konse, koma iwo ankangoyankha kuti, "Ndamva," n'kudula.

Madzulo ena Kazimitsa anawoloka msewu n'kuwapeza akutsuka matayala.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Za pawailesi zija mwazimva?"

"Makutu ndili nawo."

"Yanga ija ndakasinthitsa kale. Sizichedwa ayi, m'mawa umodzi basi. Ngati mwapanikizika, ophunzira anu a tsiku limenelo ndikugwirirani."

A Pondani anaponya nsanza mundowa, madzi n'kuthovokera pansapato zake. "Ehe, wafika pamene umafuna! Undigwirire ophunzira, eti? Tamvera iwe, thumba limenelo limatuluka galimoto ikagunda. Ine unandionapo nditagunda? Zimenezo anapangira anthu ngati iwe. Komanso zaulere zimenezi ndimazidziwa. Amakuchotsera chitsulo chenicheni n'kukuikira cha malata."

"Phazi lanu limaimitsa galimoto yanu, Aphunzitsi," anayankha Kazimitsa modekha. "Nanga ya munthu wobwera kutsogolo ataledzera, muipondera ndinu? Ndiponso inu simukhala pachiwongolero. Mumakhala m'mbali. Pachiwongolero amakhalapo ndi ana a eni."

Mawu amenewo anawalasa, chifukwa anali oona. Koma munthu wonyada choonadi chikamulasa sagwira pabala, amagwira amene waponya. Anamulozera chipata, namuuza kuti phazi lake lisadzapondenso pamenepo.

Kazimitsa sanatseke pakamwa. Sankayenda khomo ndi khomo ayi, koma aliyense womufunsa ankamuuza mosapsatira kuti galimoto yoyerayo sinasinthidwe thumba. Nkhani inayenda. Makolo anayamba kuchotsa ana awo, amuna kuletsa akazi awo, ndipo benchi imene ophunzira ankadikirirapo inayamba kuoneka thabwa lake. A Pondani nawo sanagone. Kwa wometa tsitsi, pothira mafuta, paliponse pamene panali makutu, ankati mayiyo ndi wa kaduka, akufuna kuwalanda ophunzira ndi bodza. Ena anawakhulupirira ndipo anasiya kumuyankha moni Kazimitsa. Chimene a Pondani sankafuna kuchiona n'choti ophunzira othawawo iye sankawalandira. Ankawalozera kusukulu ina yakutali, kuti pasadzapezeke wonena kuti anadyerapo.

Pomaliza panatsala wophunzira mmodzi yekha, mwana wawo wamkazi, chitsirizira chawo. Mtsikanayo anali atangopeza ntchito ya unamwino woyendera odwala m'makomo, ndipo abwana ake ankafuna laisensi. Mayi ake anayesa kuwachonderera amuna awo ali patebulo.

"Inu bambo, kodi dzina ndi mwana chachikulu n'chiti? Tangopitani akakusinthireni. Mutaya chiyani?"

"Ndiye kuti nanunso mwawoloka msewu? Ndikapita kumeneko, tauni yonse inena kuti Kazimitsa wandiphunzitsa ntchito. Ine?"

Mwanayo ankamva zonsezi ndipo mantha anali nawo. Koma m'mawa mwake ataona bambo ake akupukuta galimoto yopanda wokwera, chisoni chinamugwira. Anatenga katsamiro kake n'kunena kuti, "Bambo, tiyeni. Ine ndikuphunzira kwa inu." A Pondani mtima unakhala m'malo. Anamuuza kuti adutse pang'onopang'ono pakhomo pa sukulu ya tsidya ija, iwo chigongono chili pawindo, ndipo anamulizitsa hutala popanda chifukwa. Umu ndi mmene liuma lawo linapirikitsira ana onse a eni pampando woopsawo n'kukhazikapo wawo.

Kazimitsa anawaona akudutsa, ndipo chimene anaona chinamusowetsa mtendere. Mtsikanayo anali wamfupi. Kuti mapazi afike pabuleki ankakokera mpando kutsogolo mpaka mapeto, n'kukhala pakatsamiro, moti chifuwa ndi khosi zinali pafupifupi kukhudza chiwongolero.

Kutacha, a Pondani potsegula chipata anapeza galimoto ya Kazimitsa itaima chopingasa, mwini wake ataitsamira, manja atapinda.

"Chotsa chigalimoto chakochi!"

"Sindichotsa. Itanani apolisi ngati mukufuna. Munditukwane mmene mungathere, ndazolowera. Koma mwana uyu lero sakhala pampando umenewo."

"Ndi mwana wako?"

"Ndinamubereka kumsana ali khanda, muofesi yanu yomweyi, mayi ali m'chipatala. Mwaiwala? Ine sindinaiwale."

Apa n'kuti a m'sitolo atatuluka kale, wometa tsitsi ali ndi lumo m'manja, kasitomala wake ali pambuyo mutu wometedwa mbali imodzi. A Pondani anaona maso onsewo ndipo magazi anawira.

"Chabwino! Tiyeni konko kugalajako. Akachotse thumbalo pamaso pako, akaliyese tonse tikuona. Likapezeka lili bwino, udzagwada pamsewu pano n'kupepesa."

"Ndidzagwada, Aphunzitsi, ndi diresi latsopano lomwe. Koma mwanayu akwera ndi ine."

Anapitadi, a Pondani patsogolo akuyendetsa okha, Kazimitsa ndi mtsikana uja pambuyo. Wometa tsitsi ndi wogulitsa utoto anadzipanikiza kumpando wakumbuyo wa galimoto ya a Pondani, ati akakhale mboni.

Makaniko wamkulu wa pagalajapo anali munthu wosachuluka mawu. Anamasula batire, anadikira pang'ono, kenako anatsegula pakati pa chiwongolero n'kutulutsa thumba lopindidwa bwino ndi kachitini kake. Kanali kakang'ono ngati chitini cha polishi wa nsapato, kowala, kopanda ngakhale dzimbiri. A Pondani anakaonetsa kwa mboni zawo akumwetulira.

"Mwaona? Chatsopano chenicheni."

"Kunja onse amaoneka choncho, bambo," anatero makaniko. "Akalewa timawaphulitsira mumgolo wachitsulo kuseriku tisanawataye. Ambiri amangofufuma bwinobwino, sindikunamizani. Vuto n'loti woipa sitimudziwa mpaka ataphulika."

"Wamva?" a Pondani anatembenukira kwa Kazimitsa. "Ambiri amangofufuma bwinobwino. Konzeka maondo."

Kuseri kwa galaja makaniko anaika thumbalo mumgolo, anavundikira, n'kusanjikiza matayala akale pamwamba. Anakoka waya wautali mpaka kuseri kwa khoma ndipo anauza onse kuti abisale kumeneko. A Pondani anafuna kuima poyera, koma makaniko anawakoka malaya osawapempha. Kenako anagunditsa waya kubatire.

Phuu! Mgolo unadumpha, matayala anagubuduka, agalu a m'makomo oyandikana anayamba kuuwa. Ngakhale makaniko yemwe anadzidzimuka. Utsi utatha onse anayandikira. Thumba linali litang'ambika nsanzansanza. M'mbali mwa mgolo munali mabowo, kuwala kwa dzuwa kukulowera. Chitsulo china chinaboola mgolowo n'kukazikika pachitseko chathabwa cha chipinda chosungira zida. Makaniko anachizula ndi pulayala n'kuchiika m'dzanja la a Pondani chikadali chofunda. Chinali chachikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, chakuthwa mbali zonse.

A Pondani anagwira chitsulo cha mgolowo kuti amve kukhuthala kwake. Kenako anayang'ana khosi la mwana wawo. Anakhala patayala limodzi mwa aja anagubuduka.

"Mwanawe," anatero, "ndimakukhazika pakamwa pa mfuti m'mawa uliwonse. Ine bambo ako."

Mtsikanayo anagwada pambali pawo n'kuwagwira dzanja. "Ndili moyo, Bambo. Ndili pano."

Misozi inatsika m'masaya a nkhalambayo, ndipo wometa tsitsi, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anangoyang'ana pansi. Kazimitsa anachoka mwakachetechete n'kukadikira m'galimoto yake. Sanafune kuti mphunzitsi wake alire iye akuona.

Pamene ankabwerera masana, thumba latsopano lili m'chiwongolero, anthu a mumsewu muja anali akudikira kuti aone amene agwade. A Pondani anaimika galimoto, anatsika, napita kukatsegula chitseko cha Kazimitsa ndi dzanja lawo. Iye ataona kuti akupinda bondo anawagwira mkono msanga.

"Ayi, Aphunzitsi, chonde. Ndinu aakulu. Musatero."

Anaimirira, koma dzanja lake sanalisiye. Analikweza m'mwamba, kwinaku akuonetsa kachitsulo kaja.

"Onani ichi nonsenu! Chimenechi chinali m'chiwongolero changa, chikuloza mwana wanga. Mayi uyu anandiuza, ine ndinamutukwana. Ndinamuipitsira dzina kwa inu, ena mpaka munasiya kumuyankha moni. Wabodza ndinali ine." Anapuma kaye, kenako mawu awo anakwera ngati akale aja, chifuwa chili patsogolo. "Ndaphunzitsa anthu osawerengeka kugwira chiwongolero, koma amene anamvetsa kuti ntchito imeneyi ndi yosunga moyo wa munthu ndi uyu. Wandiposa. Ndipo mukamamuona muzidziwa kuti anachokera m'manja mwanga!"

Anthu anaseka ndi kuwomba m'manja, poona kuti ngakhale popepesa a Pondani sanalephere kudzitamandira pang'ono. Koma kunyada kumeneku kunali kwabwino, ndipo ife amene timawadziwa tinanyadira nawo limodzi. Mayi a mwana uja anadutsa pakati pa anthu, osayankhula ndi amuna awo, n'kukamukumbatira Kazimitsa nthawi yaitali.

Ophunzira ena anabwerera, ena ayi, ndipo a Pondani sanawaimbe mlandu. Masabata otsatira bamboyo ankaoneka pamalo oimikapo matakisi akusuzumira m'mawindo a galimoto za mtundu umenewo, akukalipira madalaivala amene anawaphunzitsa kale kuti apite kugalaja lero lomwe. Amene ankanyalanyaza ankamuika kachitsulo kaja m'dzanja kuti akamve yekha kuthwa kwake.

Munthu wokufunira zabwino sabwera nthawi zonse ndi mawu okoma. Nthawi zina amakutsekera chipata, nakuchititsa manyazi pagulu, iwe n'kumuyesa mdani, pamene amene ankakuvomereza zonse akanangobwera kudzakupepesa pamaliro. A Pondani anatsala pang'ono kulipira ndi mwana wawo kuti amvetse zimene akuluakulu ananena kalekale, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.