Wotchi ya kwa a Chikhotho

Mukapeza chinthu chokhota m'nyumba ya eni, musathamangire kuchiwongola. Funsani kaye. Anthu apwetekapo nazo zimenezi.

Kumapeto kwa msewu kunali kabala ka mowa kakalekale ka mkulu wina amene onse ankamutchula a Chikhotho, poti ngakhale dzuwa liswe mtengo iwo sankavula chikhotho chawo. Kabalako kukongola ayi. Mabenchi ankatsina, wailesi inkalankhula ukaiwomba khofi, ndipo aliyense anali ndi kapu yake pamsomali wake. Kumwera ya mnzako unali mlandu wofuna mboni. Komabe atelala, akalipentala ndi anzawo sankapita kwina. Ankati pamenepo munthu umamva zimene mnzako akunena. Pakhoma panali chiwotchi chothamanga ngati chaba nkhuku. Chikangolira madzulo, a Chikhotho ankatolera makapu, amuna onse n'kumwazikana.

A Chikhotho atagonekedwa kuchipatala kuti akawachotse ng'ala m'diso, makiyi anasiyira mkamwini wawo, amene ankameza malovu kuti balayo idzakhale yake.

"Za muno musasunthe," anatero. "Makamaka wotchiyo."

"Musade nkhawa, bambo."

Mawu amenewo muziwaopa. Nkhawa imayambira pomwepo.

M'mawa mwake mkamwini anayang'ana wotchi, anayang'ana foni yake, n'kupukusa mutu.

"Bodza lotere pakhoma? N'chifukwa chake sitipita patsogolo." Anakoka benchi n'kukwerapo.

"Bambo a mwana, tsikani," anatero mkazi wake, tsache lili m'manja. "Paja anakuuzani chiyani?"

"Iwe sesa. Za nthawi tisiyire ife tinapita kusukulu."

Anabweza muvi m'mbuyo, osauza munthu.

Tsiku limenelo mowa unakoma modabwitsa, nthawi ikungotambasuka ngati lasitiki. Zoona zinaoneka kutacha. Atelala anatulukira nthenga zili m'mutu, atagona m'khola la nkhuku. Akalipentala ankatsimphina, poti anakanirira pawindo limene anakhoma okha.

Chimene mkamwini sankadziwa n'chakuti kalekale amayi a mumsewuwo anapangana ndi a Chikhotho: ife tizikhoma zitseko pa nthawi yathu, inu muziwabweza amuna athu isanakwane. Wotchiyo ankaithamangitsa dala, kuti munthu apeze mpata woima panjira, kutsutsana za mpira, kutaya madzi, n'kufikabe chitseko chisanakhomedwe. Pangano litasweka, amayi analamula kuti mwamuna wopondanso kumeneko anyamuliretu bulangeti.

Mlungu wonse m'balamo munkangolowa ntchentche.

A Chikhotho anabwera diso lili m'bandeji. Anaima pakhomo, n'kuunguza uku ndi uku.

"Mkamwini, kodi adokotala andilakwitsa? Ndikuona mabenchi okhaokha."

"Ndinangokonza pang'ono, bambo."

"Mwakonzadi. Itsitseni. Muisenze, mulowe nayo khomo ndi khomo, eni ake akaiike pamene akufuna."

Ananyamuka mkamwini, chiwotchi pamutu, thukuta kamukamu, anthu akutuluka m'mashopu kudzaona. Akazi a atelala anamulandira ndi ulemu woopsa.

"Fikani, aphunzitsi a nthawi. Tagwadani, sindikufikira." Anakankhira muvi kutsogolo ndi chala. "Apa ndi pa nthenga zija. Ndachapa pilo kawiri."

Akazi a akalipentala anakankhanso. "Apa ndi pa windo langa."

Khomo lililonse linali ndi chifukwa chake, ndipo panalibe mayi amene anakankhira m'mbuyo.

Amuna anabwereradi pamabenchi awo otsina, koma tsopano wotchi inkalira nkhuku zisanalowe n'komwe. Ankatuluka akuphethira ndi dzuwa, aliyense akumuyang'ana mkamwini ndi diso la nkhwezule. A Chikhotho anapereka makiyi kwa mwana wawo wamkazi. Mkamwini anapatsidwa beseni ndi sopo, kuti azitsuka makapu ndi kuloweza msomali wa aliyense.

Ndiye inu okonda kukonza za eni, manja muziika m'thumba mpaka mutafunsa. Galu wamkota sakandira pachabe.