Wabutchala ndi Lumo la Bambo Ake

Mwini butchala ya pakona anthu ankangomutchula kuti Mpeni. Akakoka chitsulo pamwala kawiri katatu, nyama inkadulika ngati nthochi yakupsa, ndipo iye ankayenda chifuwa patsogolo podziwa kuti pa nkhani yonola palibe womuposa.

Kunyumba kwake kunkakhala bambo ake, nkhalamba imene moyo wake wonse inkadzimeta ndevu ndi lumo lopinda, la chigwiriro cha nyanga. Manja atayamba kunjenjemera, lumolo linagona m'kabati chaka chathunthu mpaka kubuntha, ndevu n'kumera ngati thengo. Makina ometera ankawakana. "Kachinthu kolira ngati njuchi kaja kasandiyandikire," ankatero. Tsono ukwati wa mdzukulu wawo, mwana wamkazi wa Mpeni, unali Loweruka likubweralo, ndipo madalawo ananeneratu poyera: "Sindikaima pachithunzi ngati tonde. Lumo langa likapanda kundimeta, ine nditsala pakhomo."

Mtsikanayo atamva zimenezi, misozi inalengeza m'maso.

"Pukuta misozi, iwe," anatero Mpeni. "Zaka makumi awiri ndikunola zitsulo, ndiye kandikanike kalumo?"

M'mawa mwake analowa m'sitolo ya zipangizo. Mayi wogulitsa anayala miyala yonolera inayi pakauntala.

"Mukufuna wonolera chiyani, bambo? Chifukwa uwu ndi wa nkhwangwa, pomwe uwu..."

"Mayi, nyama imene mumadya kwanu amadula ndani?" anamudula mawu Mpeni. Anasankha waukulu, wakuda, wokhakhala ngati wa kubutchala kwake, n'kutuluka akuimba mluzu.

Atafika anakhala pakhonde, nayamba kunola lumo ngati mpeni wosendera ng'ombe, msana wa lumolo atautukula, mkono wonse ukukanikiza. Kwee! Kwee! Bambo ake ali m'chipinda anamva phokosolo n'kutsokomola kawiri, koma palibe anawafunsa kanthu.

Mkazi wake anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Bambo a mwana, musanakhudze nkhope ya apongozi anga, tayambani mwayesa yanu."

Mpeni anadzipaka thovu la sopo, n'kuima pa kalilole. Atakoka koyamba, lumo linazula ndevu m'malo modula. Anakukuta mano n'kukokanso. Kachitatu thovu linasanduka lofiira. Koma munthu wa liuma sabwerera panjira: anapitiriza mpaka masaya anaoneka ngati wamenyana ndi mphaka.

Mkaziyo anabwera ndi thonje, kuseka kukumupinda pakati. "Lero ndiye mwadula nyama yosagulitsa!"

Kusekako kunatulutsa madala m'chipinda. Anatenga lumo, n'kuliyang'ana padzuwa, kenako analiyendetsa pang'ono pachikhadabo.

"Walisandutsa macheka lumo langa," anatero. "Ng'ombe siidandaula, mwana wanga, chifukwa umaipeza itafa kale. Tsaya la munthu ndi lamoyo."

Mpeni anazolika, thonje lili patsaya. Kenako anati, "Bambo, ndiphunzitseni."

"Mawu amenewo ndinawamva komaliza usanamere ndevu. Kanditengere jekete."

Motero nkhalamba imene inali itatha miyezi osatuluka pageti inayenda mpaka kusitolo, itakolowekana mkono ndi mwana wake, ikupatsa moni aliyense panjira. Mayi wogulitsa ataona mapulasitala pankhope ya Mpeni, analuma mlomo kuti asaseke.

"Wakuda uja wagwira ntchito, bambo?"

"Wagwira, mayi, koma pa ine."

Madalawo anasisita mwala uliwonse ndi nsonga ya chala, maso atatsinzina. Anapatula umodzi wosakhakhala kwambiri. "Uwu ndi wochotsa mano amene waika." Anapatulanso wina wosalala ngati galasi. "Uwu ndi womalizira. Munthu wophunzira kumene safuna miyala khumi, iwiri yakwana." Asanavomere, anagoneka rula pa mwala uliwonse n'kusuzumira ngati kuwala kukudutsa pansi, chifukwa mwala wokumbika pakati umakhotetsa lumo. Anawonjezapo lamba wachikopa wopukutira lumo likatha kunoledwa.

Masiku awiri otsatira, butchala inkatsekedwa dzuwa likadali m'mwamba. Pakhonde, bambo ndi mwana ankakhala mitu pamodzi, beseni la madzi lili pakati.

"Nyowetsa mwala. Goneka lumo lonse, msana ndi kukamwa zikhudze pamodzi. Usakanikize! Chita ngati ukusisita mutu wa khanda."

Dzanja lonjenjemera lija linkagona pamwamba pa dzanja lamphamvulo, kulitsogolera uku ndi uko. Mpeni akapupuluma, ankamumenya kambama kachala. Pakati pa kunolako madala anafotokoza mmene anagulira lumolo ali mnyamata, ndi mmene anadzichekera khutu tsiku lokaonana ndi makolo a mkazi wawo. Mpeni anali asanamvepo nkhani imeneyi, ndipo anaseka mpaka pulasitala inamatuka.

Lachisanu madzulo anayendetsa lumo pamkono pake. Ubweya unangogwa wokha, osamva n'kukoka komwe.

Loweruka m'mawa anakhazika bambo ake pampando, n'kuwafunditsa thaulo lofunda kumaso. Lumo linkangonong'ona patsaya, ndevu zoyera zikugwera pathaulo. Atamaliza, madala anadzigwira chibwano, n'kuyang'ana pa kalilole kwa nthawi yaitali.

"Kodi mnyamata ameneyu anabisala kuti chaka chonsechi?"

Mkwatibwi anawakumbatira agogo ake akulira ndi chimwemwe, ndipo tsiku limenelo nkhalambayo inavina mpaka ndodo kuiiwala pampando. Pachithunzi cha banja, agogo anaima nkhope ili see, pomwe bambo a mkwatibwi anaima pambali pawo ndi mapulasitala atatu, akumwetulira kuposa onse.

Alendo akamufunsa chimene chamucheka, Mpeni sankabisa. Ankaloza bambo ake n'kunena kuti mphunzitsi anali m'nyumba mwake momwe, iye n'kukatola nzeru kubutchala. Uchi anali nawo pafupi, koma anayamba walawa zina chifukwa chotseka pakamwa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.