Chikho Chomatiridwa M'khoma

Pa Nsaru pali bala ya a Wyson. Mukalowa, choyamba kuchiona ndi chibowo chachikulu pakhoma, pamwamba pa kauntala. Alendo amayesa kuti anaboola ndi akuba. Ayi ndithu, anaboola ndi eni ake, ndipo nkhani yake imawawitsa mtima anthu a pamenepo mpaka lero.

Mpikisano wa mafunso a zamasewera unayambitsidwa ndi a Yonasi, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Namitete, amene anatopa ndi mikangano ya mpira ya anthu okhuta mowa. Iwo anati m'malo motukwanizana, mabala azipikisana mwadongosolo. Basi, Lamlungu masana anthu akaweruka ku Misa, magulu a ku Namitete, Mpingu, Kabudula, Nambuma ndi Nsaru ankayenderana pa njinga zamoto. Gulu lililonse linali la anthu anayi, mmodzi wamkazi. Funso likabwera gulu linkanong'onezana, koma woyankha anali kaputeni yekha, ndipo mawu akatuluka sankabwerera. Gulu lopambana zaka zitatu zotsatizana limayenera kutenga chikho mpaka kalekale.

Nsaru inali itapambana kawiri motsatizana, kaputeni wake ali a Wyson. Tisawanamizire, mpira ankaudziwa. Matenda awo anali m'khutu. Munthu akangoti atsegule pakamwa, iwo anali atayankha kale kuti akudziwa.

Kutatsala mwezi kuti mpikisano wa chaka chotsatira uthe, a Wyson anaitana Anthony, mmisiri wowotcherera zitsulo. Anamuuza kuti agobe khoma, aikemo chikho, atseke ndi galasi ndi zitsulo, amate simenti. Anthony anafunsa kuti kachitseko kakhale mbali iti. A Wyson anamuseka, nati chikho chimenecho chafika kwawo, sichidzatulukanso, nanga chitseko n'cha chiyani? Mmisiri anachita zimene anauzidwa.

Ndime yomaliza inachitikira pabala pomwepo, Nsaru ndi Nambuma. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Mafunso onse anatha magulu ali ofanana mphamvu. Zikatere, mwambo wa a Yonasi unali woti funso lolekanitsa lichokere m'mbiri ya mpikisano womwewo. Anatsegula kope lawo lakale, nafunsa gulu la Nsaru kuti linapambana chaka choyamba ndi gulu liti.

Wamkazi wa m'gulu la Nsaru anali mayi Gertrude, amene amakazinga tchipisi pachiwaya panja pa balayo. A Wyson anawaika m'gulumo pongokwaniritsa lamulo. Mayiwa anawaweramira n'kunong'ona.

"Achimwene, ndi Mpingu. Chaka chimenecho kunalibe chikho, mphoto inali mbuzi. Ndinaiwotcha ndine."

Anzawo ena awiri a m'gulumo anagwedeza mitu kuvomereza. Koma a Wyson anali atapukuta chikhocho zaka ziwiri, ndipo ankadziwa kuti dzina loyamba lolembedwa patsinde pake ndi Namitete. Zoti chikho chinagulidwa chaka chachiwiri, iwo asanalowe n'komwe mumpikisano, analibe nazo nthawi.

"Mayi, inu dikirani mafunso a ntchemberembaye. Izi ndikudziwa kale."

Anaimirira, nakonza kolala, natchula Namitete mokweza kuti amve ndi a panja omwe.

A Yonasi anapukusa mutu. Funso linapita kwa a ku Nambuma, ndipo iwo anatchula Mpingu, n'kuwonjezera za mbuzi ija. Zaka zitatu za Nsaru zinathera pomwepo, yankho lolondola lili pampando woyandikana nawo.

Kodi mukuyesa manyazi anathera apo? A ku Nambuma anapempha chikho chawo. Maso onse anapita kukhoma. Chikho chinali kunyezimira bwinobwino kuseri kwa zitsulo, popanda potulukira. Anatuma uthenga kwa Anthony, koma iye anali kumaliro ku Kabudula. Alendowo anati sakwera njinga chimanjamanja. Mapeto ake a Wyson anabwereka hamala, nakwera pakauntala, nayamba kugumula khoma lawo lomwe anthu akuonerera. Fumbi linagwera m'mowa wa makasitomala, galasi linasweka, ndipo chikho chinatuluka chitathyoka chogwirira chimodzi.

Mayi Gertrude anaima pakhomo, chipande chili m'manja.

"Apapa ndiye sindikuuzani pomenya, achimwene. Mukudziwa kale, eti?"

Chichokereni tsiku limenelo Nsaru sinalawenso chikho. Mayi Gertrude tsopano amayankhira gulu la ku Mpingu, kumene kaputeni amawatchera khutu. Chibowo chija a Wyson amakana kuchimata, akuti chikho chidzabwerera. Anthu amangowayang'ana n'kupukusa mitu, poti akuluakulu ananena kale kuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.