Mutu Wometedwa Mbali Imodzi

Kalekale ndithu, matchalitchi akadali ofolera ndi udzu, belu lake lili khasu lakutha lopachika mumtengo, panali munthu wina dzina lake Yotamu. Anali mkamwini m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, kumene anakwatira mkazi wotchedwa Delifa n'kubereka naye ana anayi.

Yotamuyu musamuone ngati anabadwa ndi buku la nyimbo m'manja. Paunyamata wake anali ndi mtima wapachala woti ntchentche ikamutera pamphuno, wolawa makofi ankakhala mnzake woyandikana naye. Akatulukira pamowa, anthu ankayamba asuntha zipanda zawo. Chaka choyamba cha ukamwini wake anakangana ndi mlamu wake Labani, mlongo wake wa Delifa, pankhani ya mbuzi yolowa m'munda, ndipo nkhonya imodzi yokha inagulula dzino lapatsogolo la Labaniyo. Patapita zaka Yotamu analowa kalasi, anabatizidwa, anasiya mowa, mpaka anthu anamusankha kukhala mkulu wa mpingo. Koma ubatizo wa mnzako sukumeretsa dzino. Labani poseka ankaphimba pakamwa, ndipo lilime likagunda pampata paja ankakumbukira kuti mlandu suola.

Chinanso chimene chinkamudya Labani mumtima ndi dimba. Malo amene iye mwini anapatsa mkamwiniyo monyoza, poti munali bango ndi matope okhaokha, Yotamu anawakumbira ngalande mpaka munayamba kutuluka nzimbe, nthochi ndi mpiru wodyetsa mudzi wonse. Labani akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali.

Ndiye Delifa anadwala. Chinali chifuwa, kenaka miyendo inatupa, ndipo anagona pamphasa miyezi isanu. Ataona kuti ulendo wakwana, anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi amayi ake, Nangozo, n'kuwapempha chinthu chimodzi: bambo a ana ake asasudzulidwe mpaka mwana womalizayo atadziwa kugwira khasu. Pajatu pachikamwini mkazi akamwalira, mwamuna amamumasula n'kumuuza kuti anyamule nkhwangwa yake ndi kamphasa kake abwerere kwawo, ana n'kutsala m'manja mwa atsibweni awo. Delifa ankawadziwa bwino manja a mlongo wake. Ankhoswe anavomera, azimayi a pabanjapo anavomera, Labani nayenso anagwedeza mutu poti mawu a munthu woti akutsirizika sawatsutsa pamaso pa anthu.

Koma Labani ankadziwa kuti khomo limodzi latsala losatseka. Mkamwini wokweza dzanja lake pa mwinimbumba, makamaka pamwambo wa maliro, dzuwa silimulowera ali m'mudzimo, ndipo palibe mawu a womwalira amene angamutchinjirize. Ankadziwanso kuti mumtima mwa mkulu wa mpingoyo Yotamu wakale uja sanafe, anangogona.

Tsiku lometa maliro linafika. Anthu anadzaza pabwalo la nyumba ya Yotamu mmamawa, abambo pansi pa mtengo wa mango, azimayi kuseri pafupi ndi khitchini. Wometa anali mdzukulu wamkulu wa m'mudzimo, amene anakumbanso manda a Delifa, nkhalamba ina yotchedwa Sandalamu. Ameneyu tchalitchi ankangochiona padenga. Fodya wake wa m'mphuno sankamusiya, ndipo Yotamu anali atamutchulapo paguwa kawiri konse ngati chitsanzo cha munthu wotayika. Lero wotayikayo ndiye anali ndi lumo m'manja, wolalikira uja atakhala pamtondo wogoneka, mutu ataweramitsa.

Lumo litadutsa mbali yakumanja, kumanzere tsitsi likadali bii, Labani anaimirira. Sanapereke ulemu kwa ankhoswe, sanaombe m'manja. Anapita kukaima kutsogolo kwa mlamu wake n'kuyankhula mokweza kuti ndi azimayi omwe kuseri kuja amve.

"Iwe, ukumetedwa ngati wolira, ukulira ndani? Mlongo wanga sanafe ndi matenda a Mulungu. Chifuwa chija ndi kutupa kuja ndani sakuzidziwa? Unamusempha. Unkapita kumsika ngati ukukagulitsa nzimbe, n'kumakagona ndi akazi ena, pobwera n'kudzalowa m'nyumba ya mkazi wa khanda. Lamulungu n'kuvala jekete kumakatiwerengera machimo athu. Ana ako amve, amayi awo unawapha ndiwe."

Atatero anamulavulira pambali pometedwa paja.

Ana anayi aja anali pakhonde, wamkulu atanyamula wamng'ono, onse maso ali pa bambo awo. Yotamu anamva malovu akutsetsereka kulowera kukhutu. Pafupi ndi phazi lake panali mpini wa khasu umene ana ankaseweretsa, ndipo dzanja lake linaupeza lokha osalituma. Zaka khumi za kalasi, za mgonero ndi za maulaliki zinangosungunuka. Anayesa kupemphera, koma pemphero limene ankalinena tsiku ndi tsiku linamuthawa, anangotsala ndi dzina la Ambuye lokha likuzungulira m'kamwa. Anali atadzuka kale theka. Kenaka anaona mwana wamkulu uja akuphimba m'maso mwa mng'ono wake, monga ankachitira Delifa kale iye akabwera kuchokera kumowa, ndipo anabwerera pamtondo paja n'kukhala pansi.

"Alamu, ndamva," anatero. "Ndikuyankhani ndikatha kumetedwa. A Sandalamu, malizani ntchito yanu."

Ndi zimene anachita Yotamu. Zikuoneka zochepa kwa munthu amene sanalavulidwepo pamaso pa ana ake.

Tsono Sandalamu. Mbali yotsalayo inali ntchito yoti munthu ataika madzi pamoto, asanafunde yatha. Koma nkhalambayo itagwira mutu uja inamva mitsempha ikugunda pansi pa zala zake, inaonanso kuti dzanja silinausiye mpini, n'kudziwa kuti yankho limene likudikira kumapeto kwa kumetako si la pakamwa. Inapukuta malovu aja ndi chikhatho chake, inaponda mpini uja ngati mwangozi, phazi n'kukhazikika pomwepo. Kenaka inayang'ana lumo n'kupukusa mutu, n'kunena kuti labuntha, tsitsi la anthu opemphera n'lolimba ngati luzi. Inaitanitsa mwala wonolera. Mwala utabwera inati si umenewo, ukufunika wosalala uja wa kwa mlongo wake kutsidya kwa khwawa. Podikira inatulutsa kabotolo kake ka fodya, kufwenkha, kuyetsemula, kufwenkhanso.

Labani anaona kuti nsima yake ikuzizira m'manja mwa munthu wina, ndipo mkwiyo unamukwera. Anatukwana Yotamu, anatukwana amayi ake omubereka, anatukwana ndi mpingo womwe. Anakankha beseni la madzi ometera ndi phazi, madzi n'kukhavukira onse awiri. Sandalamu sanakweze n'komwe maso. Anangoti madzi a maliro akatayika satunga a mumtsuko, pakufunika a kumtsinje, ndipo anatuma mayi wina wolemera thupi amene mudzi wonse unkamudziwa kuti sathamanga ngakhale nyumba ikupsa. Mwambo umenewo palibe anaumvapo chibadwire, koma ndani angatsutse mdzukulu pamaliro? Labani anamuopseza kuti akadzafa adzamukwirira ngati galu. Nkhalambayo inamuyankha kuti m'mudzi muno wokwirira anthu ndi iyeyo, ndipo mwendo wake sunachoke pampini.

Madzi atabwera anayamba kumeta ngati akusenda dzira, malo amodzi katatu. Powerama ananong'oneza Yotamu kukhutu. "A mkulu wa mpingo, kuseri kwa nkhokwe yanu kuli anthu awiri a zibonga. Ine sindipemphera, koma ndikuti khalani pansi."

Ndi zimene anachita Sandalamu. Dzuwa linali litachoka pamwamba pa phiri n'kufika pakati pa mtengo wa mango, mutu umodzi usanathe.

Nthawi yonseyi Nangozo anali kuseri pakati pa azimayi, atadziphimba chitenje kumutu. Iyeyu anali ndi ana awiri okha, Delifa amene anali m'manda ndi Labani amene ankamufolerera nyumba ndi kumulimira munda. Zaka zonse za ukamwini wa Yotamu sanakhalepo naye maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire monga mwa ulemu wa pachipongozi. Komanso mayi samuyalutsa mwana wake wamwamuna pagulu, ndiye ndani adzamuike m'manda? Anayesa kudzuka kamodzi, n'kukhalanso pansi. Anayesanso, mng'ono wake anamukoka chitenje n'kumuuza kuti asaipute nkhondo atakalamba kale. Koma ankamva ankhoswe akuyamba kunong'onezana kuti munthu wosalakwa sakhala chete chonchi, mwina zatsemphozi n'zoona. Anazindikira kuti mkamwini wake akamenya apita, akakhala chete apitanso.

Kachitatu anadzuka. Anadutsa pakati pa abambo, chinthu chimene sanachitepo, n'kukagwada pambali pa mtondo uja, pafupi ndi mpongozi wake moti akanatha kumukhudza. Anthu anagwira pakamwa. Anawauza kuti miyezi isanu yonseyo wodwazika anali iye mwini, ndipo mkamwiniyu sanapondeko kumsika, nzimbe zinaumira m'dimba. Anati masiku awiri okha amene anachoka m'mudzi ndi amene ananyamula Delifa pamachira kupita naye kuchipatala cha mishoni, kumene anawauza kuti chifuwacho n'chachikulu ndipo achedwa nacho. Anatinso mbali ina ya machirawo inasowa wonyamula kwa masabata atatu, chifukwa mlongo wake wa wodwalayo anati akumanga chigafa cha fodya. Pomaliza anatembenukira kwa mwana wake.

"Labani, ndinakuyamwitsa ndine. Dzulo ndinakumva ukugawana dimba lija ndi anzako ali kuseri kwa nkhokwewo. Ngati pali amene anachedwetsa mwana wanga, si mlendoyu."

Ndi zimene anachita Nangozo. Atatha kuyankhula anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira ngati maliro achitika kumene.

Sandalamu anadutsitsa lumo komaliza n'kuchotsa phazi pampini. Yotamu anaimirira, mutu uli mbee, manja ali lende. Anauza mlamu wake kuti dzino lija anamuchotsa ndi iye, ndipo zaka zonsezi walalikira za kukhululuka osabwera kudzapepesa ngakhale kamodzi, choncho akupepesa lero pamaso pa anthu. Koma anati Delifa sanamusemphe. Labani analavulanso, ulendo uno pansi, n'kumuuza kuti kupepesa kwakeko akakuike m'thumba la jekete. Kenaka analoza amayi ake n'kunena kuti kuyambira lero alibe mwana wamwamuna, adzawakwirire mkamwini wawoyo. Sabata isanathe anasasula denga la nyumba yake n'kusamukira kutsidya kwa phiri, ndipo sanapondenso m'mudzimo. Ankhoswe anagamula kuti mawu a Delifa aime, Yotamu akhale ndi ana ake.

Nkhaniyi sinathere pamenepo, chifukwa mudzi unagawikana ndipo anthu anayamba kudana chifukwa cha iyo. A mpingo ankati ndi Mzimu umene unagwira ntchito mwa mkulu wawo, pakuti akanagwetsa mpini uja pamutu pa Labani, wometa akanameta ndani, ndipo mayi uja akanateteza ndani? Abambo a pabawo ankawaseka. Ankati kudziletsa kwa Yotamu kunali kwa mbali imodzi ya mutu basi, ndipo amene anakutalikitsa mpaka masana ndi munthu yemwe a mpingowo amamutcha wakunja. Azimayi ankakwiya akamva zonsezi. Ankati abambo awiriwo anangogula nthawi, ndipo nthawi yopanda choonadi ikanangomutengera Yotamu kwawo ndi dzina la wakupha mkazi. Ankafunsanso kuti mwa atatuwo ndani anagona usiku umenewo atataya mwana.

Yotamu mwini sanathandize mbali iliyonse. A mpingo atamupempha kuti akachitire umboni, anakana. Anawauza kuti pamene ankati ayankha akatha kumetedwa, maso ake anali akuyeza kale pamene mpini ukatere, ndipo mpaka lero sakudziwa ngati anakhala pansi kuti akhululuke kapena kuti amenye bwino. Chimene akudziwa n'chakuti anakhala pansi.

Tsono ana anayi aja anakula ndi bambo awo. Womaliza atadziwa kugwira khasu, onse anayi anapangana kuti atenge tambala mmodzi yekha amene anali pakhomopo, akagwade n'kuthokoza munthu amene anawasungira bambo. Anatuluka naye m'khola n'kuima pabwalo pomwe paja. Kumanja kunali khomo la bambo awo, kutsogolo kunali kanyumba ka agogo awo amene ankakalamba osamvanso mawu a mwana wawo, ndipo kumunsi kunali kwa Sandalamu.

Inu amene mwamva nkhaniyi, tandiuzani: ana amenewa akagwade pakhomo la yani?